Mashoti afupiafupi ndi putting pa gofu

Mashoti afupiafupi ndi mbali ya masewera a gofu imene imaseweredwa mpira ukafika pafupi ndi dzenje, nthawi zambiri pa mtunda wosapitirira mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91. M'Chingerezi mbali imeneyi amaitcha short game. M'gulu limeneli muli chip, pitch, mashoti otulutsa mpira mumchenga, ndiponso putting, komwe ndi kugubuduza mpira pa green kuti ukagwere m'dzenje. Mabuku ena amaika putting payokha, ena amaiphatikiza ndi zinazo. Chimene chimasiyanitsa mashoti amenewa ndi ataliatali n'chakuti wosewera samenya ndi mphamvu zake zonse. Amayenera kuyeza yekha kukula kwa kamenyedwe kogwirizana ndi mtunda umene watsala, ndipo apa ndi pamene osewera wamba ambiri amatayira mashoti.

Dzenje la gofu ndi lotambalala mamilimita 108, ndipo mpira sungachepere mamilimita 42.67. Green ndi malo a udzu wometedwa mwaufupi kwambiri ozungulira dzenjelo. Powerengera par, chomwe ndi chiwerengero cha mashoti amene katswiri amayembekezeredwa kumenya pa dzenje lililonse, amaikapo ma putt awiri. Choncho pa bwalo la maenje 18 la par 72, theka la mashoti onse, 36, ndi a pa green. Akatswiri a PGA Tour ya ku America amamenya ma putt pafupifupi 29 pa maenje 18. Izi sizitanthauza kuti amagwetsa ma putt ataliatali ambiri ayi. Chifukwa chachikulu n'chakuti akaphonya green amatha kubweretsa mpira pafupi kwambiri ndi dzenje, n'kumaliza ndi putt imodzi.

Mkangano wa kufunika kwake

Kwa zaka zambiri aphunzitsi a gofu ankanena kuti mpikisano umapambanidwa pa green. Mwambi wotchuka wa osewera gofu, umene ambiri amati unachokera kwa Bobby Locke wa ku South Africa, umanena kuti kumenya patali n'kodzionetsera chabe koma ndalama zili pa putting. Locke anali ndi chifukwa chonenera choncho, popeza anapambana Open Championship kanayi, mu 1949, 1950, 1952 ndi 1957, ndipo ankadziwika kwambiri ndi luso lake pa green.

Mmodzi mwa anthu amene anayeza nkhaniyi ndi manambala anali Dave Pelz, yemwe poyamba ankagwira ntchito ya sayansi ku NASA. Pelz ankatsatira osewera m'mabwalo n'kumalemba pamene mpira uliwonse wagwera, ndipo anapeza kuti mashoti oposa theka amamenyedwa mkati mwa mayadi 100. Mabuku ake awiri, Short Game Bible la 1999 ndi Putting Bible la 2000, anafalitsa maganizo akuti wosewera wamba azithera nthawi yake yambiri yoyeserera pa mashoti afupiafupi. Pelz anaphunzitsanso akatswiri, kuphatikizapo Phil Mickelson.

Mark Broadie, pulofesa wa ku Columbia Business School, anabwera ndi kawerengedwe kena kotchedwa strokes gained. Kawerengedwe kameneka kamayerekeza shoti iliyonse ndi zimene osewera ena amachita akakhala pa malo ofanana. PGA Tour inayamba kukagwiritsa ntchito pa putting mu 2011. M'buku lake la 2014, Every Shot Counts, Broadie anasonyeza kuti kusiyana kwa osewera abwino kwambiri ndi anzawo kumachokera makamaka ku mashoti ataliatali, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, pamene putting imapereka pafupifupi 15 peresenti yokha. Cholakwika cha kawerengedwe kakale chinali chakuti kankawerenga ngakhale timaputt ta masentimita 30 timene aliyense amagwetsa. Timeneti timachulukitsa chiwerengero koma sitisiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa.

Zotsatira za Broadie sizinathetse phindu loyeserera mashoti afupiafupi. Kuti munthu wamkulu awonjezere mamita 20 pa shoti yake yoyamba pamafunika miyezi yambiri, thupi lolimba ndiponso mphunzitsi. Kusiya kumenya ma putt atatu pa green imodzi, kapena kuphunzira kutuluka mumchenga ndi shoti imodzi, kumatheka m'masabata ochepa, ndipo sikulira mphamvu, msinkhu kapena bwalo lalikulu. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amayambirabe pamenepa akalandira wophunzira amene ali ndi maola awiri kapena atatu okha pa sabata.

Ndodo zake

Malamulo amalola wosewera kunyamula ndodo zosapitirira 14. Mwa zimenezi, zitatu kapena zinayi zimakhala ma wedge, ndodo zazifupi za nkhope yopendekera kumwamba kwambiri. Pitching wedge imapendekeka madigiri pafupifupi 44 mpaka 48, gap wedge 50 mpaka 52, sand wedge 54 mpaka 56, ndipo lob wedge 58 mpaka 60 kapena kuposerapo. Nkhope ikapendekeka kwambiri mpira umakwera m'mwamba, umagwa pafupi ndipo sugubuduzika kwambiri.

Chinthu chimene osewera wamba ambiri sachidziwa pa ndodo zawo ndi bounce. Kunsi kwa mutu wa wedge sikukhala kophwatalala. Mbali ya kumbuyo imatsika kuposa mpeni wa kutsogolo, kotero kuti ndodo ikagunda pansi imatsetsereka m'malo mokumba ngati khasu. Wedge ya bounce yaikulu, madigiri 10 mpaka 14, imathandiza mumchenga wofewa ndi pa udzu wonyowa. Ya bounce yaing'ono imagwira bwino pa nthaka youma yolimba, pomwe ya bounce yaikulu imadumpha n'kugunda mpira pakati. Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi Gene Sarazen, amene anawotcherera chitsulo kunsi kwa ndodo yake n'kupambana nayo Open Championship ya 1932 pa bwalo la Prince's ku Sandwich, ku England. Lob wedge inabwera mochedwa. Tom Kite anali m'gulu la akatswiri oyamba kuinyamula m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1992 anagwetsa nayo mpira kuchokera kunja kwa green pa dzenje lachisanu ndi chiwiri ku Pebble Beach, tsiku limene anapambana U.S. Open.

Putter nayo ili ndi kupendekeka pang'ono, madigiri 2 mpaka 4, kuti idzutse mpira m'kamalo kamene wakhazikika mu udzu. Ma putter ambiri ndi aatali mainchesi 33 mpaka 35. Pali mitundu iwiri ikuluikulu, blade ya mutu wopyapyala ndi mallet ya mutu waukulu. Blade zambiri za masiku ano zimatengera Anser, imene Karsten Solheim wa kampani ya Ping anapanga mu 1966. Solheim, injiniya wobadwira ku Norway, anachotsa chitsulo pakati pa mutu n'kuika kulemera kumapeto onse awiri, kuti mutu usapotoke kwambiri mpira ukagundidwa pambali.

Chip ndi pitch

Chip ndi shoti yotsika imene imauluka pang'ono n'kugubuduzika mtunda wautali. Pitch imauluka kwambiri n'kugubuduzika pang'ono. Langizo lakale limene aphunzitsi ambiri amagwirizana nalo ndi lakuti wosewera agwiritse ntchito putter ngati n'kotheka, akalephera achite chip, ndipo pitch aisiye mpaka pamene pali mchenga, madzi kapena udzu wautali woti audumphe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Putt yolakwika kuchokera m'mphepete mwa green imathera mamita awiri kapena atatu kuchokera pa dzenje, pamene pitch yolakwika imatha kuyenda mita imodzi yokha kapena kuwoloka green yonse. Kugwiritsa ntchito putter uli kunja kwa green amakutcha Texas wedge, dzina lochokera ku mabwalo ouma a mphepo a ku Texas, ndipo ku mabwalo a m'mbali mwa nyanja ku Scotland ndi kaseweredwe ka tsiku ndi tsiku.

Pochita chip wosewera amayandikizitsa mapazi, amagwira ndodo chakumunsi kwa chogwirira, ndipo amatsamiritsa thupi pa mwendo wa kutsogolo, womwe ndi wamanzere kwa munthu womenya ndi dzanja lamanja. Mpira umakhala pakati pa mapazi kapena chakumbuyo pang'ono. Chimene chimayendetsa ndodo ndi mapewa ndi chifuwa, manja amangotsatira. Cholinga n'chakuti ndodo igunde mpira isanagunde nthaka.

Zolakwika ziwiri zofala kwambiri zimachokera pa gwero limodzi. Wosewera amaganiza kuti ntchito yake ndi kunyamula mpira, ndiye amatsamira kumbuyo n'kupinda manja ngati akutapa ndi chipande. Akatero, malo otsikitsitsa a ndodo amasunthira kumbuyo kwa mpira. Ndodo ikagunda nthaka pamenepo mpira umangodumpha pang'ono. Ikaphonya nthaka, imakumana ndi mpira ikukwera kale, mpeni wake umagunda pakati pa mpira, ndipo mpira umathamanga ngati chipolopolo. Munthu yemweyo amatha kuchita zonse ziwiri pa dzenje limodzi n'kumaganiza kuti ali ndi mavuto awiri osiyana. Mankhwala ake ndi kusiya kupendekeka kwa ndodo kuti kukweze mpira kokha. Njira yodziyesera ndi kuyala kathaulo masentimita 10 kumbuyo kwa mpira n'kumamenya osakakhudza.

Chinanso ndi kusankha pogwera. Wosewera wodziwa sayang'ana mbendera pochita chip. Amasankha malo pa green, nthawi zambiri sitepe imodzi kapena ziwiri kuchokera m'mphepete, pamene akufuna kuti mpira utere, kenako amasankha ndodo imene idzaugubuduze mtunda wotsalawo. Dzenje likakhala kutali amatha kutenga 8 iron kapena 7 iron, likakhala pafupi amatenga wedge. Akatswiri ena amachita zonse ndi wedge imodzi, koma iwo amayeserera tsiku lililonse. Chip yotchuka ya Tiger Woods pa dzenje la 16 pa Masters ya 2005 imasonyeza bwino nkhani ya pogwera. Anamenya mpira kulunjika kumtunda, kutali ndi mbendera, n'kuulola kutsika wokha ndi chitsetso mpaka unaima kamphindi m'mphepete mwa dzenje usanagwere.

Pa pitch vuto lalikulu ndi mtunda wa pakati, mamita 30 mpaka 70, pamene shoti yathunthu ingapitirire. Osewera wamba amakweza ndodo mpaka pamwamba ngati nthawi zonse kenako n'kuichedwetsa ikamatsika, zomwe zimawononga kagundidwe. Pelz anaphunzitsa njira ya wotchi. Wosewera amayerekeza kuti mkono wake wa kutsogolo ndi muvi wa wotchi, ndipo amaukweza kufika pa 7:30, pa 9:00 kapena pa 10:30, koma liwiro lotsikira limakhala lofanana. Ndi ma wedge anayi amakhala ndi mitunda 12 yodziwika. Amene ali ndi awiri amakhala ndi isanu ndi umodzi, yomwe ndi yokwanira kwa anthu ambiri. Chofunika ndi kumenya mipira khumi pa kakwezedwe kalikonse, kuyeza ndi masitepe pamene yambiri yagwera, n'kulemba.

Udzu umasintha zonsezi. Kum'mwera kwa Africa mabwalo ambiri ali ndi kapinga kapena kikuyu. Kikuyu ndi udzu wokhuthala, wa mizu yoyanga, umene umagwira ndodo komanso kuimitsa mpira wotera pa iwo, kotero kuti chip yotera kunja kwa green sifika. Mabwalo ena a ku California, monga Riviera ku Los Angeles, ali ndi udzu womwewu ndipo akatswiri amaudandaula chimodzimodzi. M'chilimwe, udzu ukauma nthaka n'kulimba, zinthu zimatembenuka, ndipo shoti yotsika yogubuduzika imakhala yodalirika kuposa yokweza.

Mumchenga

Shoti ya mu bunker, dzenje la mchenga la pafupi ndi green, ndi yachilendo chifukwa ndodo siyenera kukhudza mpira. Imalowa mumchenga masentimita 2 mpaka 5 kumbuyo kwa mpira, n'kudutsa pansi pake, ndipo mchenga wotayidwawo ndi umene umanyamula mpira. Wosewera amatembenuza nkhope ya ndodo kuti iyang'ane kumwamba asanaigwire, amakwirira mapazi pang'ono, amaika mpira chakutsogolo, ndipo amamenya mwamphamvu kuposa mmene mtunda ukuonekera, chifukwa mchenga umadya liwiro lambiri. Mantha ndi amene amalepheretsa ambiri. Poona kuti mbendera ili pafupi amaimitsa ndodo mumchenga, mpira n'kutsala momwemo. Njira yakale yoyeserera ndi kujambula mzere pamchenga n'kumaumenya wopanda mpira mpaka ndodo izilowa pa mzere nthawi zonse.

Mchenga wonyowa kapena wolimba umafuna nkhope yosatsegula kwambiri. Mpira ukakwiririka, nkhope imatsekedwa kuti ikumbe, ndipo mpira umatuluka wotsika n'kugubuduzika kutali. Akatswiri a PGA Tour amamaliza dzenje ndi mashoti awiri kuchokera mumchenga pafupifupi theka la nthawi. Gary Player wa ku South Africa amatchulidwa kawirikawiri ngati mmodzi mwa odziwa mchenga koposa. Kwa wosewera wamba cholinga choyamba ndi kutuluka kamodzi n'kufika pa green, ngakhale patali ndi dzenje.

Putting

Pa putt iliyonse pali zinthu zitatu: liwiro, njira imene mpira udzatsate, ndi kuuyambitsa molunjika pa njirayo. Osewera wamba amathera nthawi yambiri pa chachitatu, koma chimene chimawatayitsa mashoti ambiri ndi choyamba. Kawirikawiri munthu saphonya dzenje ndi mamita awiri kumanzere kapena kumanja, koma kuperewera kapena kupitirira ndi mamita awiri kumachitika pa green iliyonse.

Manambala a PGA Tour amathandiza kudziwa choyenera kuyembekezera. Akatswiri amagwetsa pafupifupi ma putt onse a mita imodzi. Pa mamita 2.4 amagwetsa theka, pa mamita atatu anayi mwa khumi, ndipo pa mamita sikisi pafupifupi 15 peresenti. Akafika pa mamita khumi, mwayi wogwetsa ndi putt imodzi umafanana ndi ngozi yomenya atatu. Wosewera wamba amene amakwiya akaphonya putt ya mamita atatu akudzifunsa zimene ngakhale akatswiri sakwanitsa. Malo awiri amene angapindulepo ndi ma putt a mita imodzi mpaka iwiri, ndi ataliatali amene cholinga chake ndi kusiya mpira pafupi moti wachiwiri usavute.

Za liwiro labwino pali magulu awiri. Ena amafuna kuti mpira ufike pa dzenje utatsala pang'ono kuima, chifukwa mpira wochedwa umagwa ngakhale utakhudza m'mphepete, pamene wothamanga umafuna pakati penipeni. Pelz, atagubuduza mipira yambiri ndi makina, ananena kuti liwiro labwino ndi limene lingapitirize mpira masentimita 43 kuseri kwa dzenje ukaphonya. Iye anaona kuti udzu wozungulira dzenje umapondedwa ndi anthu tsiku lonse, ndipo mpira wochedwa kwambiri umapatutsidwa ndi timabampu timeneti. Pa green yothamanga kapena potsetsereka, masentimita 43 amatha kukhala ambiri. Liwiro limayendetsedwa ndi kutalika kwa kakokedwe ka putter, osati ndi kukankha kwa manja, ndipo kugunda mpira pakati pa nkhope n'kofunika chifukwa wogundidwa pambali umaperewera.

Kuthamanga kwa green kumayezedwa ndi Stimpmeter, kachitsulo kokhala ndi ngalande kamene kamatsetsereza mpira pa liwiro lofanana nthawi zonse. Anakapanga Edward Stimpson wa ku Massachusetts m'zaka za m'ma 1930, ndipo bungwe la USGA linakakonzanso n'kuyamba kukagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970. Mtunda umene mpira wayenda, woyezedwa m'mapazi a Chingerezi a masentimita pafupifupi 30, ndiwo nambala ya green. Mabwalo wamba amakhala cha m'ma 8 mpaka 10, a mipikisano ikuluikulu 12 kapena kuposa. N'chifukwa chake mphindi khumi pa green yoyeserera masewera asanayambe n'zaphindu kuposa kumenya mipira ina makumi awiri ndi driver.

Kuwerenga green ndi kuona mbali imene mpira udzakhotere chifukwa cha kupendekeka kwa nthaka. Mpira umakhota kwambiri kumapeto pamene ukuchedwa, kotero mita yomaliza ndi yofunika kuposa yoyamba. Putt yotsika ndi ya pa green yothamanga zimakhota kwambiri kuposa yokwera, chifukwa zimamenyedwa pang'onopang'ono ndipo mpira umakhala nthawi yaitali panjira. Kafukufuku wa Pelz anasonyeza kuti osewera ambiri amaona kukhota kochepa kuposa kumene kulipo, n'chifukwa chake amaphonyera kumunsi kwa dzenje, mbali imene osewera amaitcha ya osadziwa. Mpira wodutsa kumunsi umakhala ukuthawa dzenje, pamene wodutsa kumtunda umakhala ukuliyandikira. Kupendekeka kumaoneka bwino munthu akamayandikira green ali patali, kapena akaima kumunsi kwa njira ya mpira. Funso lothandiza ndi lakuti madzi atathiridwa pamenepo angayenderere kuti.

Njira ya AimPoint, imene anayambitsa Mark Sweeney wa ku America, imagwiritsa ntchito mapazi m'malo mwa maso. Wosewera amaima pa njira ya mpira n'kumva phazi limene lalemedwa, amapatsa kupendekekako nambala, kenako amakweza zala zofanana ndi nambalayo kutsogolo kwa nkhope kuti apeze polunjika. Adam Scott ndi Justin Rose ndi ena mwa amene aigwiritsa ntchito. Ena amaidandaula kuti imachedwetsa masewera.

Pa green ya kapinga pali chinthu china, mbali imene udzu wagonera. Green ikamaoneka yowala, udzu wagonera kutsogolo ndipo mpira udzathamanga. Ikamaoneka yobiriwira moderapo, udzu ukuyang'ana wosewera ndipo mpira udzachedwa. M'mphepete mwa dzenje, mbali yoperepeseka ndi imene udzu ukulowera. M'madera ena ouma a Africa, Australia ndi Middle East muli mabwalo opanda green ya udzu, m'malo mwake muli mchenga wosalazidwa umene amautcha brown, ndipo pamenepo mpira sukhota kwambiri koma umafuna kumenya kolimba.

Kuti mpira uyambe molunjika, chachikulu ndi kumene nkhope ya putter yayang'ana pogunda. Njira imene mutu wa putter wadutsa ili ndi gawo laling'ono. Maso amakhala pamwamba pa mpira kapena mkati pang'ono, miyendo ndi mutu sizisuntha, mapewa ndi amene amagwedezeka. Kagwiridwe kalipo kosiyanasiyana, kachizolowezi, koika dzanja lamanzere kumunsi monga amachitira Jordan Spieth, ndi kotchedwa claw kamene dzanja lamanja limangotsina ndodo. Konseko cholinga ndi kuletsa dzanja lamphamvu kupotoza nkhope.

Mayeso odziwika safuna zida. Pa loyamba, matii awiri amazikidwa motalikirana pang'ono kuposa mpira, masentimita 30 kutsogolo, ndipo mpira uyenera kudutsa pakati. Pa lachiwiri, mipira imaikidwa mozungulira dzenje pa mtunda wa mita imodzi, ndipo wophonya umodzi amayambiranso, zomwe zimabweretsa kamantha kofanana ndi ka mpikisano. Pa lachitatu, mipira imamenyedwa kuchokera mamita 5, 10 ndi 15 mosinthasintha. Kumenya putt imodzimodzi kakhumi kumasangalatsa chifukwa yachisanu imagwa, koma pabwalo munthu amapatsidwa mwayi umodzi, ndiye kuyeserera ndi mpira umodzi, kuchita chip kenako kumaliza ndi putter, kumafanana kwambiri ndi masewera enieni.

Malamulo oyenera kudziwa

Malamulo a gofu amalembedwa ndi R&A ya ku St Andrews ndi USGA. Pa green wosewera amaloledwa kuika chizindikiro, kunyamula mpira n'kuupukuta. Kuyambira 2019 amaloledwa kumenya putt mbendera ili m'dzenje, kukonza malo owonongeka ndi nsapato, ndipo salangidwa akasuntha mpira mwangozi pa green kapena akaugunda kawiri mwangozi pa shoti imodzi. Mu bunker angachotse masamba ndi timiyala, koma saloledwa kukhudza mchenga ndi ndodo kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni kwa mpira, ngakhale poyeserera kamenyedwe. Amene walephereratu angatulutse mpira kunja kwa bunker polandira chilango cha mashoti awiri. Mpira ukalendewera m'mphepete mwa dzenje, wosewera akafika pamenepo amadikira masekondi khumi okha. Kukhululukirana putt yaifupi n'kololedwa pa match play, pomwe anthu amapikisana dzenje ndi dzenje, koma pa mpikisano wowerenga mashoti onse mpira uyenera kugwa.

Yips

Yips ndi kunjenjemera kapena kugwedezeka kwa manja kosafuna kumene kumagwira wosewera pa putt yaifupi, nthawi zina pa chip. Dzinali linafala kudzera mwa Tommy Armour, katswiri wobadwira ku Scotland amene anavutika nalo. Ofufuza a ku Mayo Clinic anapeza kuti kwa ena vutoli ndi la mitsempha, lofanana ndi limene limagwira oimba zida ndi olemba, kwa ena ndi la nkhawa, ndipo kwa ambiri ndi zonse ziwiri. Limakonda kugwira anthu amene asewera zaka zambiri. Si putt yaifupi iliyonse yophonyedwa imene ili yips. Doug Sanders anaphonya putt yosakwana mita imodzi pa dzenje lomaliza la Open ya 1970 ku St Andrews, n'kugonja kwa Jack Nicklaus tsiku lotsatira, ndipo I.K. Kim wa ku South Korea anaphonya ya masentimita pafupifupi 30 pa Kraft Nabisco Championship ya 2012. Kim anadzapambana Women's British Open mu 2017, koma Sanders sanapambanepo mpikisano waukulu.

Chimene chimathandiza ambiri ndi kusintha kagwiridwe kuti minofu ina igwire ntchito. Sam Snead anayamba kumenya atatang'adza mpira n'kuyang'ana dzenje, mpaka kaimidwe kameneko kanaletsedwa mu 1968, ndipo anapitiriza ataima pambali pa mpira. Bernhard Langer wa ku Germany anagwidwa ndi vutoli kangapo. Anapambana Masters ya 1993 atapanikiza chogwirira cha putter pa mkono wamanzere ndi dzanja lamanja, ndipo pambuyo pake anasamukira ku putter yaitali. Ma putter aataliwa, otsamiritsidwa pamimba kapena pachifuwa, anadzetsa mkangano pamene Keegan Bradley mu 2011, Webb Simpson ndi Ernie Els mu 2012, ndi Adam Scott mu 2013 anapambana nawo mipikisano ikuluikulu. R&A ndi USGA analetsa kutsamiritsa ndodo pathupi kuyambira pa 1 Januwale 2016. Putter yaitali payokha sinaletsedwe, ndipo Langer anapitiriza kupambana nayo mipikisano ya osewera opitirira zaka 50 ataichotsa pachifuwa pang'ono.